Nsapato yanga ndinaipeza mu mufolo pa 04:00

Ndidziwa kuti sabata ino munali kuyembekezela nkhani ya shoo ya pa Ciwelu: amene anavala bwino, amene anavala monga athawa moto, ndi woimba uja amene anakwela pa siteji anthu atayamba kale kusakila ma taxi. Pepani, nkhani imeneyo iyembekeze. Zimene ndinaona pobwelela kunyumba zandikhala pamtima kuposa zonse za pa siteji.

Inali ca m'ma 04:00. Wa taxi anakana kulowa mkati mwa komboni, ati mseu wanu umadya motoka, ndiye ananditsitsa pa kamlatho. Ndikali kufuna cenji m'cikwama, ndinamva wilibala ikubwela, ija yolila monga kamwana ka mbuzi. Mnyamata anatulukila mu mdima, masaka anayi pa wilibala. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, basi n'kupendeketsa. Masaka onse mu mufolo. Imodzi inang'ambika pogwa, ndipo nditaunika ndi foni ndinaona nsapato yofiila yothyoka cidendene. Nsapato ija ndi yanga. Ndinaithyolela ku kitchen party mwezi watha, ndipo ndine ndinaiponya mu saka ya unga pa Cinayi.

Mnyamatayo ndimamudziwa. Tonse pa yadi pathu timamudziwa. Amagogoda pa geti kawili pa sabata, timupatsa saka ndi K5, iye apita. Palibe tsiku limene wina anamufunsapo kuti amapita nazo kuti.

"Iwe, kansi ndiye kwamene utaya kuno?"

Sanathawe. Anapukuta manja pa buluku n'kundiyang'ana monga ndine ndagwidwa.

"Ba sisi, imwe munali kuganiza kuti nipeleka kuti? Ku Chunga? Na K5? Na wilibala?" Anaseka pang'ono. "Muziba bwino kwamene niyenda. Mufuna cabe kuti musaoneko."

Ndinalibe coyankha. Ndinapita kukagona, koma tulo sitinabwele.

Lekani ndikuuzeni mmene tinafikila pamenepa, cifukwa ndikhulupilila kuti pa yadi panu nkhani ndi imodzimodzi. Pathu pali zitseko 8, toileti imodzi ndi mpope umodzi. Ba landilodi ndi amai acikulile amene amagulitsa malasha pa geti. Caka catha anatilembetsa ku kakampani kena konyamula zinyalala, kolipila pa mwezi, citseko ciliconse n'kusonkhako. Miyezi iwili yoyamba zinayenda. Mwezi wacitatu unali January, mwezi wa mayunifomu ndi mabuku, ndipo zitseko zitatu sizinasonkhe. Motoka inatidumpha. Mwezi wotsatila amene analipila anakana, ati tilipilile ciani motoka siinabwele. Kampani ikuti simulipila, ife tikuti simubwela, ndipo tonse tikukamba zoona. Masaka anaunjikana kuseli kwa toileti mpaka makoswe anayamba kuyenda masana. Apa m'pamene mnyamata wa wilibala anaonekela, ndipo tinamulandila monga mpulumutsi.

Anthu ambili akayamba kukamba za uve wa mu Lusaka amathamangila kunena kuti a m'komboni sakonda ukhondo. Amene amakamba zimenezi sanaonepo mzimai wa m'komboni akusesa pakhomo pa 05:00, mpaka dothi kucita mizele. Pakhomo timasesa. Vuto ili pa mtunda umene uli pakati pa geti yathu ndi Chunga, kumene kuli dzala lalikulu la mzinda wonse, uko kupitilila Matero. Mtunda umenewo ufuna motoka, mafuta ndi dilaiva, ndipo zonsezi amatigulitsa pa mwezi, pamene ife ndalama timaipeza pa tsiku.

Taganizani mmene komboni imagulila zinthu. Unga timagula pamela. Saladi timagula ya m'kapulasitiki, shuga yokwana tiyi wa m'mawa umodzi, sopo wocapila wa kapaketi, madzi pa kiosk timalipila cigubu cimodzi cimodzi. Wa kantemba anazindikila kale kuti munthu wogulitsa vitumbuwa kapena woyendetsa Zamcab alibe ndalama ya pa 30, ali ndi ndalama ya lelo. Zinyalala zokha ndiye tikuuzidwa kuti tilipile monga anthu a pay slip. Mnyamata wa wilibala anapambana kampani cifukwa iye amagulitsa nchito yake monga pamela. Coipa n'cakuti K5 imagula cabe mtunda wocoka pa geti kufika pa mufolo.

Ndipo kagulidwe ka pang'ono-pang'ono kameneka ndiye kamabala pulasitiki yambili. Wa ku mayadi agula botolo imodzi ya saladi ya mwezi wonse. Ife mwezi umodzimodziwo tataya tumapulasitiki 30. Mu 2018 boma linatulutsa lamulo, Statutory Instrument No. 65, loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 30, ndipo linati makampani opanga zinthu azikhala ndi udindo pa zoikamo zimene amatulutsa. Ku ma supermarket tinaona kusintha, anayamba kutigulitsa pulasitiki pa till. Koma pitani ku Soweto kapena pa msika wa m'komboni muone ngati tomato asiya kumangidwa mu kapulasitiki koonekela mkati. Caka cimodzimodzico kunabwelanso Solid Waste Regulation and Management Act, ndipo ZEMA ili ndi lamulo lake la 2011. Malamulo tili nawo, mwandi. Koma lamulo silinyamula saka.

Manje nsapato yanga ili mu mufolo, ndipo wina anganene kuti nanga n'ciani, mvula idzaitenga. Apa ndiye pali nkhani imene ine sindinaiphunzile ku koleji, ndinacita kuimva kwa amalume ena okumba zimbudzi. Iwo amati kumadzulo ndi kum'mwela kwa tauni, monga ku Kanyama, John Laing, Misisi ndi Chawama, ukakumba pang'ono wapeza mwala, ndipo mwalawo si wogwilana. Uli ndi ming'alu ndi mphako monga cisa ca ciswe. Akatswili amauchula dolomite ndi limestone. Madzi a pansi ali pafupi kwambili, mwakuti nthawi ya mvula amakwela mpaka kukumana ndi a pamwamba. Kumalo kwina dothi limasefa zonyansa madzi asanafike pansi. Kuno kulibe sefa. Zimene zalowa mu cimbudzi cokumba, zimene zawolela pa mulu wa zinyalala, mapampasi, mafuta akuda a ku garaji, zimatsika m'ming'alu n'kukapezeka mu citsime ca neba.

Ndiye cifukwa cake zimbudzi zambili ku Kanyama amazimanga mokwela, zokhala ndi masitepe monga siteji. Ndiye cifukwa cakenso ena amayembekezela mvula yamphamvu kuti atsegule kabowo kumbuyo, madzi atenge zonse. Musacite monga simudziwa.

A ku mayadi asaseke. Madzi ambili amene Lusaka imamwa amacokela pansi pomwepa kudzela m'ma borehole, ena ndiye amacokela ku Kafue. M'ma plot atsopano aja a mipanda yaitali, nyumba iliyonse ili ndi borehole yake kutsogolo ndi septic tank yake kumbuyo, ndipo septic ya uyu yayang'anana ndi borehole ya neba. Mpanda wa magetsi umathela pamwamba. Pansi pa nthaka kulibe geti, kulibe mlonda.

Mzinda uno pamene unakhala likulu mu 1935, atsamunda anaukonzela anthu ocepa, ndipo anchito acikuda anawasiya kumbali, m'malo opanda mapaipi ndi miseu. Kalembela wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu Lusaka, ndipo ambili a ife tikhala m'malo omwe aja amene sanali pa pulani. Tinjila twina n'topanikiza cakuti ngakhale bokosi la malilo limacita kupendekeka kuti lipite. Motoka ya zinyalala ingalowe bwanji?

Sindikunena kuti palibe cimene cinacitika. Dziko la America, kudzela mu Millennium Challenge, linaika ndalama pafupi-fupi $355 miliyoni pa madzi, zimbudzi ndi mifolo ya mu Lusaka, nchito imene inatha mu 2018. Mufolo waukulu wa Bombay, uja wa konkili wopita ca ku Garden ndi Mazyopa, unamangidwa ndi ndalama zimenezo, ndipo unathandiza. Koma kaimeni pa mlatho uliwonse mvula yoyamba ikagwa. Mabotolo a maheu ndi a zakumwa zotsekemela amabwela monga gulu la nkhosa, matayala, matilesi, nthawi zina ngakhale galu wakufa. Mufolo anaumangila madzi, ife tinausandutsa motoka ya zinyalala yaulele. Ukatsekeka, madzi amabwelela m'nyumba, ndipo sabwela okha.

Pa kona ya mseu wathu pali amai ogulitsa tomato ndi impwa. Mlongosi wao anali kondakitala wa minibasi, mnyamata wamphamvu wokhoza kunyamula saka ya 50kg ndi dzanja limodzi. Mu January 2024 anayamba kutsegula m'mimba usiku. Pofika m'mawa maso analowa mkati, mau anatha. Anamutengela ku kiliniki, kucoka kumeneko ku Heroes Stadium. Sanabwelele. Malilo a kolela mumawadziwa: thupi sasambika acibale, anthu ocepa cabe kumanda, kulibe kugona pa nyumba ya malilo, kulibe nsima. Amaiwo anandiuza kuti mpaka lelo akakwela basi ya ku Great North Road amayang'ana kumbali akafika pa stadium. "Ine bola ya paja siningaonelele, mwana wanga. Olo munipase tiketi yamahala."

Ine Heroes ndimaidziwa monga malo a chimwemwe, kumene ndimapita ndi kamera kukajambula oimba ndi ocemelela Chipolopolo. Koma kawili konse bwalo limeneli lasanduka cipatala ca kolela. Mu mlili wa 2017 mpaka 2018 anthu oposa 5,000 anadwala ndipo oposa 100 anamwalila. Umene unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo: odwala anapitilila 20,000, omwalila anapitilila 700. Masukulu amene anafunika kutsegula pa 8 January 2024 anatsegula pa 12 February.

Cimene cimandipweteka ndi mmene timakhalila akhama malilo akayamba. Kumapeto kwa December 2017 a Edgar Lungu anatuma asilikali m'tauni. Ogulitsa m'miseu anacotsedwa, Soweto inakolopedwa, milu ya zinyalala imene inakhala zaka inatha m'masiku ocepa, ku Kanyama anaika lamulo lakuti anthu asayende usiku mpaka kunabuka cipolowe. Tauni inawala, anthu anajambula zithunzi za Lumumba Road n'kuika pa Facebook, ati kansi pansi apa panali tala. Mu 2024 zinabwelezanso: matanki a madzi abwino m'makomboni, kilolini yaulele, kukwilila zitsime zosazama, katemela. Ndiye kuti mamotoka amapezeka, mafuta amapezeka, anthu ogwila nchito amapezeka. Timasesa monga mmene banja limasesela pakhomo likamva kuti apongozi ali m'njila. Apongozi akapita, tsache libwelela kuseli kwa citseko.

Keep Zambia Clean inayamba nthawi ya a Levy Mwanawasa mu 2007, ndipo inadzutsidwanso mu 2018 ndi dongosolo loyeletsa pa Ciwelu cothela ca mwezi. Popeza ndine wa nkhani za zosangalatsa, ndaitanidwako kangapo ku zocitika zotele. Ma celeb amafika ndi magambutsu atsopano, ma gloves oyela, wojambula ali kumbuyo. Akoka leki mphindi 20, zithunzi zakwana, apita. Anyamata a m'delalo amatsala akuvuula matope ndi mapulasitiki mu mufolo n'kuunjika m'mbali mwa mseu. Mulu umenewo ukhala pamenepo sabata imodzi, ziwili, mbuzi ndi ana akuseweletsa, mpaka mvula ibwele kudzaubwezela momwe unacoka. Ndinaonanso zofanana ndi anthu a Cash for Work: nchito anagwila ndithu, thukuta linatuluka, koma cimene cavuulidwa cikapanda kunyamulidwa, mwangocisuntha mamita awili.

Amene safuna kupatsa wa wilibala amatentha. M'miyezi ya June ndi July, ca m'ma 18:00, komboni yonse imakhala pansi pa utsi wa buluu wonunkha pulasitiki, ndipo ana amatsokomola usiku wonse ife n'kumati ndi mphepo. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kupita pafupi-fupi tsiku lonse, mbaula inalowa ngakhale m'nyumba za ma tiles. Ndipo mbaula yambili timayatsila ciani? Kapulasitiki. Mapampasi okha ndiye amakana moto, amangofuka n'kutsala pamenepo akutiyang'ana.

Manje ticite ciani? Ine si injiniya, satifiketi yanga ndi ya utolankhani. Koma usiku uja ndinaona cinthu cimodzi: mnyamata uja ndiye yekha mu dongosolo lonse amene amafika pa citseko canga pa nthawi yake, kawili pa sabata, mvula kapena dzuwa. Kumugwila n'kumulipilitsa faindi sikudzacotsa saka kuseli kwa toileti yathu. Mawa kudzabwela wina ndi wilibala ina. Cimene alibe ndi malo apafupi otayila. Kukanakhala cibini cacikulu pa mtunda woti wilibala ifika, cokhala ndi munthu wocisamalila, ndipo iye n'kumalandila kandalama pa saka iliyonse imene wafikitsa pamenepo m'malo molandilila pa geti pathu, mufolo sukanamukoka. Tumagulu twa m'komboni tumene khonsolo inalola kunyamula zinyalala, ma CBE, tunapangidwila nchito yotele. Koma cibini cikadzala n'kukhala milungu osacotsedwa, cimasanduka Chunga yaing'ono pakati pa nyumba za anthu, ndipo aliyense amabwelela ku mufolo. Mbali imeneyo, ya motoka yocotsa cibini pa tsiku lodziwika, si ya ba landilodi kapena ya mnyamata wa wilibala. Ndi ya khonsolo ndi kampani yake ya zinyalala.

Ndalama yake icokele kuti? Kulipila pang'ono-pang'ono tinazolowela kale. Pa kiosk ya madzi palibe amene amakangana. Ku Kanyama ndi ku Chazanga ma Water Trust anayambitsa magulu opopa zimbudzi, munthu n'kulipila molingana ndi migolo imene acotsa, ndipo zonyansazo zimapita kumalo oyenela osati mu mufolo. Kale TV levy tinali kulipila kudzela ku ZESCO, ngakhale amene TV yao inafa kale. Ngati tinakwanitsa kulipilila wailesi ya kanema mwa njila imeneyo, kuika kandalama ka zinyalala pa cinthu cimene timagula kale pang'ono-pang'ono si nzelu yocokela kumwezi. Koma ndinene mosabisa: anthu adzavomela pokhapo akaona motoka. Tinalumidwapo kale.

Palinso CDF. Inali K1.6 miliyoni, inakwela kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inafika K36.1 miliyoni pa constituency iliyonse. Ndalamayo ndi yofanana konse, kaya ndi Kanyama yodzala anthu mpaka pakamwa kapena dela la kumudzi la anthu ocepa, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yofunika kuikamba tsiku lina. Koma funsani ku komiti ya wadi yanu kuti pa zimene anapempha caka cino, zibini ndi motoka ya zinyalala zili pa nambala ciani. Cibini sicikoma kudula liboni. Palibe amene amavina pa mwambo wotsegulila cibini.

Ndisaiwale amai aja oyenda ndi masaka akulu-akulu a mabotolo pamutu, ndi anthu amene amakhalila kusankha zinthu pa dzala la Chunga. Timawayang'ana monga openga, koma botolo iliyonse imene atola ndi botolo imene siifika ku Bombay. Cinthu cikakhala ndi mtengo, sicigona mu mufolo. Munaonapo botolo ya Mosi ili mu mufolo? Ana amaitola isanazizile n'komwe, cifukwa ili ndi dipoziti. Makampani amene amatigulitsa zakumwa m'mabotolo a pulasitiki akanaika ngakhale 50 ngwee pa botolo yobwezedwa, monga mzimu wa lamulo lija la 2018 ufunila, mukanaona mmene mifolo ikanayelela popanda msilikali.

Pa Sondo ndinaitanitsa kamiting'i pa yadi. Ndinafotokoza za nsapato, anthu anaseka mpaka misozi. Ba landilodi anati njila ndi imodzi, aike ndalama ya zinyalala pa lendi kuti pasakhale wothawa. Bambo wa citseko cacitatu, amene ali ndi ngongole ya miyezi iwili, anaimilila.

"Amai, lendi mwakweza mu April. Manje futi? Ine vinyalala vanga ni ving'ono, nikhala neka. Aba ali na bana batatu na mapampasi, ndiye tilipile cimozimozi?"

Mai wa ana atatu anayankha zimene sindingalembe pano. Miting'i inathela pamenepo.

Pa Cinayi m'mawa geti inagogodwa. Ndinatuluka ndi saka yanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ine ndi mnyamata uja tinayang'anana m'maso. Ndinamupatsa K15, ndinati apeleke ku cibini ca pa msika.

"Cija cinazula kudala, ba sisi. Sabata yacitatu manje. Vinayamba kugwela pansi."

"Peleka cabe kwamene kuja."

Anayang'ana ndalama, anayang'ana saka. "Nizayesa."

Popita ku nchito ndinadutsa pa kamlatho. Nsapato ikali pomwe paja, yakodwa pakati pa tayala ndi thewela, ndipo kumwamba ca ku Kafue Road mitambo yayamba kuda.